Thandizo abale: deta ya nyanja ya Chilwa ndi madzi a m'mijigo ndiipeza kuti?

Tadala_M

Moni nonse. Ndabwera ndi vuto ndipo ndikukhulupirira muno muli ena amene munadutsamo kale. Ndili chaka chomaliza ku koleji, ndikuphunzira za miyala, nthaka ndi madzi, ndiye pulojekiti yanga ndasankha dambo la Chilwa. Funso langa ndi ili: nyanja ija ikaphwa ngati mmene inachitira 1995 ndi 2018, kodi madzi a m'mijigo ya m'midzi yozungulira amasintha mchere? Kwathu ndi cha ku Jali ndiye nkhani ya mijigo ya mchere ndinayamba kuimva ndili mwana, mjigo uwu madzi ake ndi abwino, winawo wangotalikira pang'ono chabe koma madzi ake sopo sachita thovu, nyemba sizipsa, ndipo anthu amatsutsana, ena amati nyanja ikathawa mchere umachuluka ena amati ayi umachuluka nyanja ikabwerera. Ndikufuna ndione kuti zoona zake ndi ziti.

Asupavaiza anga akuti ndibweretse zinthu izi: kukula kwa nyanja chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1990 mpaka pano, deta ya mvula, mapu a miyala ya kuderako, ndi deta ya mijigo yeniyeniyo kuya kwake, mlingo wa madzi ndi mchere. Ndafufuza pa intaneti koma zinthu zake zangoti mbwee, mawebusayiti ambirimbiri ndipo sindikudziwa kuti wodalirika ndi uti. Ndinalembetsa pa EarthExplorer, webusayiti yotengerapo zithunzi za setilaiti, nkuona kuti chithunzi chimodzi cha setilaiti ya Landsat 8 ndi pafupifupi 1GB, ndiye zaka 30 zonsezo pa bandulo yanga sizingatheke, laputopu nayonso ndi ya RAM 4GB.

Komanso mnzanga wina wandiuza kuti kuli setilaiti ina yotchedwa GRACE imene imayeza madzi a pansi pa nthaka, ndiye mwina sindikufunikanso kuvutika ndi deta ya mijigo. Zoona zimenezi? Chonde amene mukudziwa ndithandizeni, nthawi ikundithera.

Chiko_GIS

Achemwali musadandaule, mbali ya kukula kwa nyanja ndiye yophweka kwambiri pa zonse mwatchulazo ndipo simukufunika kudawuniloda chithunzi chilichonse. Tsegulani akaunti pa Google Earth Engine, kwa ophunzira ndi ofufuza ndi yaulere, zithunzi zonse za Landsat zili momwemo ndipo kuwerengetsa konse kumachitikira pa makompyuta awo, inu mumangolandira ka tebulo kapena ka mapu kakang'ono kumapeto. Laputopu yanuyo ikwanitsa bola burawuza izitsegula. Palinso Digital Earth Africa, ali ndi Sandbox yaulere komanso deta yokonzakonza ya madzi yotchedwa Water Observations from Space, ngati Python mumaidziwako pang'ono imeneyo ikuyenderani bwino.

Poyambira penipeni ndi deta ya Global Surface Water ya JRC, bungwe la kafukufuku la European Union. Iwo anatenga zithunzi za Landsat kuyambira 1984 nkugawa kadontho kalikonse ka mamita 30 kuti apa pali madzi, apa palibe, apa sitinaone, mwezi ndi mwezi. Mukajambula mpanda kuzungulira Chilwa mumatha kutulutsa makilomita a madzi a mwezi uliwonse pa tsiku limodzi. Koma apa ndiye mumvetsere bwino chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Chilwa si nyanja ngati ya Malawi yoti gombe lake ndi loonekeratu. Mbali yaikulu makamaka kumpoto ndi dambo la njedza, ndipo madzi amene ali pansi pa njedza setilaiti ya kuwala siwaona, imaona masamba obiriwira basi nkunena kuti ndi mtunda. Ndiye nambala imene mupeze ndi ya madzi a poyera okha, osati nyanja yonse. Mu lipoti lanu mulembe choncho momveka kuyambira pa mutu wa tebulo, apo ayi pa difensi adzakufunsani kuti bwanji nambala zanu ndi zochepa kuyerekeza ndi za m'mabuku.

Chachiwiri ndi gulu lija la "sitinaone". Miyezi ya mvula December mpaka March mitambo imaphimba, ndiye mwezi wina mupeza madzi achepa kwambiri mu February nkuganiza kuti nyanja inaphwa pomwe ndi mitambo chabe. Nthawi zonse werengani kuti ndi gawo lanji la nyanja limene linaoneka mwezi umenewo, likachepa mwezi umenewo muutaye. Ine ndingakulangizeni kutenga nyengo ziwiri zokha pa chaka, May kapena June pamene nyanja yadzaza ndipo kumwamba kwayera, ndi October kapena kumayambiriro kwa November pamene yatsika kwambiri. Mu September ndi October utsi wa moto wa tchire umachititsa zithunzi kukhala zotuwa koma madzi amaonekabe.

Zaka za m'ma 1990 zikuvutaniko. Landsat 5 inalibe posungira zithunzi m'kati mwake, inkadalira masiteshoni a pansi kuti alandire, ndiye za ku Africa kuno za nthawi imeneyo ndi zapatalipatali, chaka china mupeza ziwiri zitatu zokha zoyera. Landsat 7 inabwera 1999 koma pa 31 May 2003 kachipangizo kena kanawonongeka, kuyambira pamenepo zithunzi zake zili ndi mizere yopanda kanthu, pafupifupi 22% ya chithunzi imasowa. Musadabwe mukaona nyanja yodukaduka ngati mbidzi, muphatikize zithunzi ziwiri zitatu za miyezi yoyandikana kuti mizere itsekeke. Kuyambira 2013 Landsat 8 ili bwinobwino, 2021 kunabwera Landsat 9. Pa kuphwa kwa 2018 muli ndi mwayi chifukwa Sentinel-2 inali itayamba kale, kadontho ka mamita 10 ndipo imadutsa masiku asanu aliwonse, mutha kuona nyanja ikubwerera m'mbuyo sabata ndi sabata kuchoka pa doko la Kachulu kulowera ku chilumba cha Chisi.

Mukafuna kupanga nokha osadalira za JRC gwiritsani MNDWI, njira yowerengetsera yosiyanitsa madzi ndi mtunda pa chithunzi, imene imagwiritsa bandi (mtundu wa kuwala) ya green ndi SWIR, osati NDWI wamba ya NIR (SWIR ndi NIR ndi mitundu ya kuwala kosaoneka ndi maso). Madzi a Chilwa ndi a matope kwambiri ndipo NDWI wamba imasokonezeka nawo. Ena akuuzani za Sentinel-1, rada imene imadutsa mitambo, ndi yabwino ndithu pa madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu March 2023, koma pa Chilwa samalani: mphepo ikawomba mafunde amachititsa madzi kuwala pa rada, ndipo matope osalala a nyanja youma amaoneka akuda ngati madzi. Kwa pulojekiti ya digiri yoyamba ine ndingaisiye.

Za GRACE ndisiyire akuluakulu a madzi a pansi, alimo muno.

MadalaWaMijigo

Mwana wanga Tadala, funso lako ndi labwino kwambiri ndipo ndakondwa kuti wina wa kumeneko akulifunsa, koma ndikuuze mosabisa kuti zonse wanena Chikozi, ngakhale zili zoona, zikupatsa theka limodzi lokha la yankho, ndipo ndi theka lophweka. Theka linalo kulibe setilaiti imene ikupatse.

GRACE uisiye. Inayamba 2002 mpaka 2017, kenako GRACE-FO kuyambira 2018, ndipo siiona madzi ayi, imayeza kusintha kwa mphamvu yokoka ya dziko kamba ka kulemera kwa madzi onse pamodzi, a m'nyanja, a m'nthaka ya pamwamba, a pansi, pa dera la makilomita pafupifupi 300 mbali iliyonse. Beseni lonse la Chilwa limalowa mu kadontho kamodzi pamodzi ndi mtsinje wa Shire, nyanja ya Malombe, kumwera kwa nyanja ya Malawi ndi mbali ya Mozambique. Nyanja ya Malawi ikangokwera pang'ono chabe kulemera kwake kumakwirira chilichonse chimene chikuchitika pansi pa mudzi wa kwanu. Ndipo za mchere siidziwa nkomwe.

Tiyeni tiyambe ndi miyala chifukwa yankho la mijigo iwiri yoyandikana ija lagona pamenepo. Chilwa ilibe potulukira. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, mitsinje yonseyi imathira m'menemo ndipo madzi amachoka ndi dzuwa basi, mchere nkutsala. Kale kwambiri nyanjayi inali yaikulu kuposa lero ndipo inkalumikizana ndi Chiuta, mpaka mchenga unatseka pakati pawo. Ndiye dambo lonse mukulima mpunga lija ndi pansi pa nyanja yakale, dongo ndi makande zosanjikizana ndi timizere ta mchenga tomwe mitsinje inkasiya ikamasintha njira. Mjigo ukagwera mu mchenga wa njira yakale ya mtsinje umalandira madzi atsopano ochokera kumtunda chaka chilichonse, ndi okoma. Wina mamita mazana awiri okha kuchoka pamenepo ukagwera mu dongo umakoka madzi amene akhala m'menemo osayenda kwa nthawi yaitali, ndi amchere. Ukakwera kulowera ku phiri la Zomba nkhani imasintha, kumeneko madzi ali mu thanthwe lofumbutuka ndi m'ming'alu, kawirikawiri mchere ndi wochepa. Choncho ine maganizo anga ndi akuti kusiyana kwa mjigo ndi mjigo kukhala kwakukulu kuposa kusiyana kwa chaka cha nyanja yodzaza ndi chaka cha nyanja youma, koma ndi maganizo chabe, ntchito yako ndi kuyeza.

Mapu a miyala: pa intaneti upeza Africa Groundwater Atlas ya British Geological Survey, ili ndi tsamba la Malawi ndi mashepufayilo aulere. Uwerenge, mawu ake ndi othandiza pa chaputala choyamba, koma mapu ake ndi a sikelo ya 1 ku 5 miliyoni, dambo lonse la Chilwa ndi utoto umodzi, sungasiyanitse nawo mijigo. Mapu enieni ali ku Geological Survey Department ku Zomba konko, akale a 1 ku 100,000 ndi mabuleteni ake a m'ma 1960, komanso atsopano a pulojekiti ya GEMMAP imene inathandizidwa ndi dziko la France kudzera ku bungwe lake loona za miyala la BRGM. Pita wekha ndi kalata ya ku dipatimenti yako. Mabuleteni akalewo usawapeputse, anthu aja ankayenda pansi ndipo ena analembamo ndi za zitsime.

Chenjezo limodzi pa mapu akale: ambiri ali pa datamu (maziko oyezerapo malo pa mapu) ya Arc 1950, pomwe GPS ya foni yako ndi zithunzi za setilaiti zili pa WGS 84. Zonse ndi UTM zoni 36 South koma ukaziika pamodzi mu pulogalamu ya mapu ya QGIS osasintha datamu mfundo zimasuntha mamita mazana angapo, ndipo kwa iwe mamita amenewo ndi kusiyana kwa mchenga ndi dongo.

Tsopano deta ya mijigo. Malo a mijigo ndi ngati ikugwira ntchito kapena ayi upeza pa webusayiti ya mWater, kunachitika kalembera wamkulu mothandizidwa ndi boma la Scotland kudzera ku University of Strathclyde, ndipo palinso Water Point Data Exchange. Izi zikuuza kuti mjigo uli pati. Koma chimene ukufuna iwe ndi lipoti la wobowola, lija lolemba kuti mita 0 mpaka 6 dongo, 6 mpaka 11 mchenga, madzi tinawapeza pakuti, mapaipi oboola tinaika pakuti, ndi zotsatira za ku labu. Malipoti amenewa amayenera kupita ku boma, ufunse ku ofesi ya madzi ya boma la Zomba, Machinga ndi Phalombe komanso ku National Water Resources Authority imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013. Ena upeza ena supeza. M'zaka zanga za ntchito ndaona mijigo yambiri yobowoledwa ndi mabungwe ndi anthu andale nthawi ya kampeni popanda pepala lililonse lotsala, ndaonanso malipoti ena okopera, mijigo isanu yosiyana koma miyala yofanana mpaka sentimita. Zimandiwawa mpaka lero chifukwa bowo lililonse ndi mwayi umodzi wokha woona pansi pa nthaka, ndalama zambiri zapita, ndipo ukapanda kulemba tsiku lomwelo zatayika basi.

Ndipo ngakhale upeze onse, mchere anauyeza kamodzi kokha, tsiku lobowola. Mjigo umodzi woyezedwa 1994, 1996, 2017, 2019 ndi chinthu chosowa kwambiri. Ndiye funso lako mmene ulilimu, la kusintha kwa mchere m'zaka 30, deta yake mwina sikwanira. Ukhale pansi ndi asupavaiza ako mulichepetse.

Tadala_M

Zikomo kwambiri achimwene a Chiko, akaunti ya Earth Engine ndalembetsa kale ndikudikira. Zikomonso madala, mwanditsegula maso ngakhale mtima wagwa pang'ono pomva za deta ya mchere. Ndiye ndikachepetsa funso lizikhala lotani? Ndimaganiza zoti ndiyeze ndekha mijigo ina, ku dipatimenti kuli ka mita ka EC, koyezera mchere wa m'madzi poona mmene akudutsitsira magetsi, ndikhoza kubwereka, koma ndili ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha ndiye nyanja siingaphwe nkudzazanso ine ndikuyang'ana.

Mafunso ena awiri. Mvula nditenge kuti, ndaona CHIRPS ikutchulidwa m'mapepala ambiri, ndi yokwanira payokha? Komanso ndamva za kauniuni uja ndege inkauluka dziko lonse kuyang'ana miyala ya mtengo wapatali, deta yake ingandithandize kuona kumene kuli mchere?

NaBanda_Hydro

Tadala, ine ndiyankhe za mvula poti ndi zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku. CHIRPS ndi ya Climate Hazards Center ku University of California, Santa Barbara, imayambira 1981, kadontho kake ndi pafupifupi makilomita asanu, ndipo ili kale mu Earth Engine ndiye simudawunilodanso kanthu. Mmene imagwirira ntchito: setilaiti imayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo, mtambo wozizira kwambiri ndi wautali ndiye akuti ukugwetsa mvula, kenako amakonza nambalazo ndi deta ya masiteshoni a pansi amene alipo. Pa mvula ya mabingu ya January imachita bwino. Vuto ndi mvula ya m'mapiri. Madzi ambiri a Chilwa amachokera ku phiri la Zomba ndi la Mulanje, nyanja ili pa mamita 600 ndi kanthu pomwe Sapitwa ili pa 3002, ndipo mvula ya chiperoni imagwa kuchokera ku mitambo yotsika yofunda imene setilaiti imaiona ngati palibe chikuchitika. Choncho kumapiriko CHIRPS imakonda kuchepetsa. Palinso TAMSAT ya University of Reading yoyambira 1983, yopangidwira Africa, mutha kutenga zonse ziwiri nkuziyerekeza.

Koma musapite ku difensi ndi deta ya setilaiti yokha. Lemberani ku Department of Climate Change and Meteorological Services ku Blantyre mupemphe ya mwezi ndi mwezi ya masiteshoni awiri atatu a m'beseni, monga Makoka ndi Chancellor College, muike pa girafu imodzi ndi CHIRPS ya kadontho komweko. Zikagwirizana muli ndi chifukwa chogwiritsira CHIRPS pa malo opanda siteshoni, zikasiyana mwapeza kale china cholemba.

Powerengetsa musagwiritse chaka cha January mpaka December, mudula dzinja pakati. Gwiritsani November mpaka October. Ndipo musayembekeze kuti mvula ya chaka chimodzi ilongosola kukula kwa nyanja chaka chomwecho, Chilwa imaphwa zaka zouma zikatsatizana. Ya 1995 inabwera pambuyo pa chilala cha 1991/92 ndi zaka zina zoperewera zotsatira, ya 2018 inatsatira El Niño wa 2015/16. Yesani kuphatikiza mvula ya zaka ziwiri kapena zitatu zam'mbuyo muone ngati mzere ukugwirizana bwino.

Pa zochepetsa funso ndisiyane pang'ono ndi madala. Sindikuona kuti mbali ya zaka 30 muitaye. Kukula kwa nyanja ndi mvula kuyambira 1990 ndi chaputala chathunthu chimene mutha kumaliza ndi deta yaulere. Chimene muchepetse ndi mbali ya mchere yokha: m'malo mofunsa kuti wasintha bwanji m'zaka 30, funsani kuti lero ukusiyana bwanji malinga ndi mtunda kuchokera ku nyanja, mtundu wa nthaka ndi kuya kwa mjigo, nkuyeza kawiri, mvula isanayambe ndi itatha. Komanso zithunzi zakale zikuthandizani mwa njira ina imene anthu saiganizira, kuchokera ku JRC mutha kudziwa kuti malo a mjigo uliwonse madzi a nyanja anafikapo kangati kapena anayandikira bwanji m'zaka zonsezi, nkuyerekeza ndi EC ya lero. Apo ndiye mbali ziwirizo zakumana.

China, mudzafuna kutalika kwa malo. SRTM ndi imene aliyense amatenga, inajambulidwa mu February 2000 ndi chombo cha Endeavour, mamita 30, koma imaphonya ndi mamita angapo m'mwamba ndipo pa dambo losalala ngati lija mamita angapo ndi ochuluka kuposa kuya kwa nyanja yonse, komanso pa njedza imayeza pamwamba pa masamba. Copernicus DEM ya mamita 30 ndiyabwinoko. Zonse ziwiri ndi zokwanira kujambula malire a beseni, koma musagwiritse kunena kuti madzi a pansi akuyenda kuchoka mjigo uwu kupita uwo.

Che_Jafali_Kachulu

Ine sindine wa sukulu ngati enanu, ndimagula matemba ku Kachulu nkukagulitsa ku Limbe, mwana wanga ndi amene wandionetsa nkhaniyi. Koma ndinene pang'ono poti mukukamba za kwathu.

Mayi, mukabwera kudzayeza musangofika pa mjigo ndi kachipangizo kanu nkuyamba kuthira m'botolo. Yambani mwaonana ndi amfumu, kenako komiti ya mjigo, ambiri ndi azimayi ndipo ndi amene amadziwa mjigo wawo kuposa wina aliyense. Akuuzani chaka chimene unabowoledwa, amene anabowola, mwezi umene madzi amachepa, mwezi umene amawawa kwambiri, ena amasunga ndi kabuku ka zopereka ndi zokonzetsa. Pali mijigo ina anthu anaisiyiratu kumwa amangochapira ndi kumwetsa ziweto, madzi akumwa amakatunga kutali kapena kukumba mu mchenga wa mtsinje, imeneyonso muilembe chifukwa pa kalembera imaoneka ngati mudzi uli ndi madzi pomwe ulibe.

Za nyanja funsaninso asodzi achikulire, makamaka aja amakhala m'zimbowera pakati pa njedza. Mu 2018 anthu ankayenda wapansi ndi pa njinga malo amene timapalasa bwato, mabwato ali gone pa matope ong'ambika, matemba ndi makumba kusowa, anthu ambiri anasamukira ku nyanja zina kukasaka ganyu. Akuluakulu amakumbukanso ya 1995 ndi ya 1968. Itabwera Freddy madzi anabwerera mpaka kulowa m'minda ndi m'nyumba za anthu amene anamanga kumene nyanja inachoka. Atha kukulozerani mtengo kapena chulu pamene madzi anafika chaka chakuti, inu nkujambula ndi GPS yanuyo muone ngati zikugwirizana ndi zithunzi za kumwambazo.

Pempho langa ndi limodzi, mukamaliza mudzabwerenso mudzatiuze zimene mwapeza, m'Chichewa kapena m'Chiyao, ngakhale pa pepala limodzi lomata pa mjigo. Ofufuza amabwera ambiri kuno, mabotolo amapita, ife osamva kuti madziwo anapezeka bwanji.

MadalaWaMijigo

A NaBanda akonza bwino, ndikugwirizana nazo, makamaka zija zoyerekeza EC ndi mmene nyanja inkafikira. Ndipo zimene anena Che Jafali uzitenge ngati gawo la njira yako ya kafukufuku, ulembe mafunso ofanana ofunsa komiti iliyonse, ndi deta imeneyo.

Kauniuni: ndege ija inauluka 2013 ndi 2014, kampani ya Sander Geophysics ya ku Canada, ndalama za World Bank ndi European Union, zotsatira anazitulutsa 2015 ndipo zili ku Geological Survey. Inkayeza maginito a miyala, cheza chochokera ku potassium, uranium ndi thorium, ndi mphamvu yokoka m'madera ena. Ya maginito ndi yabwino poona ming'alu ikuluikulu ndi miyala yobisika pansi pa dambo, ndipo kwanuko kuli zambiri zoona poti Chisi, Tundulu ndi Songwe Hill ku Phalombe zonse ndi za gulu limodzi la miyala lotchedwa Chilwa Alkaline Province, ndi chifukwa chake a migodi amakukondako. Ya chezayo imangoona masentimita ochepa a pamwamba pa nthaka, mwina ingakuthandize kusiyanitsa mchenga ndi dongo pamwamba. Koma mchere wa m'madzi palibe mwa zitatuzi chimene chimauona. Chimene chimaona mchere ndi resistivity, zija timakhoma zitsulo pansi nkudutsitsa magetsi tisanabowole, madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta ndiye nambala imatsika kwambiri, ngakhale dongo nalonso limatsitsa ndiye pamafunika lipoti la bowo lapafupi kuti usiyanitse. Ngati ku dipatimenti kuli makinawo, ngakhale malo anayi okha pakati pa mjigo wokoma ndi wamchere angakupatse chithunzi chokongola kwambiri. Miyala ya mtundu umenewu nthawi zina imabweretsanso fluoride m'madzi, malire a WHO ndi 1.5 mg pa lita, ndiye ukaona ana a mano ofiira pa mudzi wina ulembe ndipo botolo la pamenepo lipite ku labu.

Poyeza EC: kalibuleta mita m'mawa uliwonse ndi madzi ake aja a sitandadi, ulembe kutentha kwa madzi pambali pa nambala iliyonse ndipo uonetsetse ngati mita ikusinthira yokha ku madigiri 25, upope kaye mphindi zingapo kuti atuluke madzi ogona m'mapaipi, tsuka kapu ndi madzi a mjigo womwewo. Mlingo wa madzi pa mjigo wa pampu ya Afridev sungayeze osatsegula mutu wa pampu, ndiye uyende ndi makaniko wa m'deralo ndipo uyeze m'bandakucha anthu asanayambe kutunga, usatsegule wekha mjigo wa anthu. Ngati ndalama ya makaniko palibe, zitsime zokumba pamanja zimayezeka ndi tepi wamba, uziphatikize koma uzilembe padera chifukwa zimatunga madzi a pamwamba.

Tebulo lako likhale ndi nambala ya mjigo ya pa mWater, ma coordinate ndi datamu yake, tsiku, ola, EC, kutentha, ndi dzina la mita. Ukamaliza uliike pa Zenodo, webusayiti yosungirapo deta ya kafukufuku, ndi yaulere ndipo imakupatsa DOI, nambala yokhazikika yopezera detayo pa intaneti, kopi ina usiye ku ofesi ya madzi ya boma. Chilwa idzaphwanso, ndipo wophunzira amene adzabwere nthawi imeneyo akadzayeza mijigo yomweyo adzayankha funso lako loyamba lija ndi nambala zako. Ulendo woyamba uyesetse ukhale mu October mvula isanagwe, misewu ya makande ikanyowa njinga yamoto siidutsa. Ukapeza malipoti a obowola uwajambule uwaike muno ndikuthandize kuwerenga, zolemba za pamanja za anthu aja zili ndi zidule zake.